Vitz ya 2008 ikuwira pokwera ku Chawe pokha

Yohane, galaja ya ku Chinamwali

Akuluakulu anga pa ntchito ino, ndabwera kudzapempha nzeru pa galimoto imene yandisowetsa tulo kwa sabata ziwiri tsopano. Ndi Toyota Vitz ya 2008, ija ya injini yaing'ono ya 1KR-FE ya masilinda atatu ndi giya ya CVT, yosintha yokha pogwiritsa ntchito lamba wachitsulo. Mwini wake ndi mphunzitsi wa kuno ku Zomba amene anaigula mu Ogasiti kwa munthu wina wa ku Blantyre, ndipo chimene chikundiwawa ndi chakuti ndine amene ndinawaperekeza kukaiona, ndinamvetsera injini, ndinasuzumira kunsi, kenako ndinawauza kuti apereke ndalama mopanda mantha.

M'tauni galimotoyi ilibe vuto. Pa msewu wa M3 aphunzitsiwo apita nayo ku Limbe kawiri ndi kubwerako popanda chodandaula. Koma mayi akunyumba kwawo amagwira ntchito pamwamba pa phiri la Zomba, ndipo nthawi iliyonse akayamba kukwera msewu wokhotakhota wa ku Chawe, makamaka akanyamula anthu atatu kapena anayi, nyale yofiira ya kutentha imayaka asanafike pamwamba, madzi n'kuyamba kutuluka m'kabotolo ka pambali pa rediyeta. Monga mukudziwa, Vitz imeneyi ilibe muvi woonetsa kutentha, choncho ndinakwera nawo nditalumikiza makina owerengera kompyuta ya galimoto. M'tauni madzi amakhala pa madigiri 78, pa M3 amatsika kufika pa 72, koma pa chitunda anakwera mpaka 111 ndipo ndinawauza kuti aime.

Ndasintha kale pampu ya madzi, ndatsuka rediyeta, ndipo fani ikuzungulira bwino, moti imayamba kungotembenuza kiyi ndipo siima. Chatsala m'maganizo mwanga ndi kutsegula hedi, gawo la pamwamba la injini lotseka masilinda, koma ndikuopa kuwalipiritsa aphunzitsiwo ntchito yaikulu chotere ndisanatsimikize.

Che Jafali, Matawale

Mwana wanga Yohane, sipana ya hedi iyambe yakhala pansi. Manambala amene mwatipatsawo akundiuza kuti m'galimotomo mulibe thermostat, kavalavu kamene kamaletsa madzi kupita ku rediyeta mpaka injini itatentha, chifukwa injini ya Toyota imene ili nayo siyenda pa madigiri 72 itatentha kale. Thermostat yake imatseguka cha pa 82, ndipo madzi amayenera kukhala pamwamba pa nambala imeneyo. Tsegulani muone, mudzapeza kuti wina anaichotsa.

Chachiwiri ndi chivindikiro cha rediyeta, chimene ambiri timachiyesa chotsekera chabe. Madzi opanda chowapanikiza amawira pa madigiri 100 munthu akakhala m'mphepete mwa nyanja yamchere, koma akamakwera kumtunda amawira msanga, pafupifupi digiri imodzi pa mamita 300 aliwonse. Tauni yathu ili pa mamita opitirira 900, ndipo ku Chawe ndi pafupifupi 1,500, kumene madzi a mumphika amawira cha pa 95. Chivindikiro chabwino cha 1.1 bar chimapanikiza madzi kuti asawire mpaka cha pa 120. Chikatha mphira kapena sipuling'i yake ikafooka, galimoto imene m'tauni imaoneka yolimba imayamba kusanza madzi ikangofika pamwamba. Yesani chivindikirocho ndi pampu yoyesera, musamangochiyang'ana ndi maso.

aMbewe, Mpondabwino

Ndikupepesa, Che Jafali, koma pa nkhani ya thermostat sindikugwirizana nanu. Galimoto zimenezi zinapangidwira dziko la Japan kumene kumagwa chipale chofewa, ndipo kuno mu Okutobala dzuwa lokha limatenthetsa boneti munthu asanalize injini. Ine ndachotsa zambiri ndipo eni ake sanabwererepo kudzadandaula. Kwa ine zizindikiro zimene Yohane wanena ndi za gasketi, ija yomata pakati pa hedi ndi thunthu la injini, imene yayamba kupsa pang'ono, chifukwa gasketi yotere imapirira injini ikamagwira ntchito yopepuka, koma ikakakamizidwa pa chitunda imalowetsa mpweya wa m'silinda m'madzi. Achimwene, tsegulani hediyo muipititse koipala, musataye nthawi.

Che Jafali, Matawale

AMbewe, eni ake sabwerera chifukwa chowonongekacho sichioneka tsiku lomwelo. Injini yoyenda yozizira imachititsa kompyuta kuthira petulo wochuluka, mapulagi amada, oyilo amasungunuka ndi petulo, ndipo mwini galimoto amangodandaula kuti ikumwa mafuta osadziwa kuti gwero lake ndi ife. Komanso pa mainjini ambiri a Toyota, thermostat ikatseguka imatsekanso kanjira kachidule kamene madzi amazungulira nako m'kati mwa injini osapita ku rediyeta. Mukaichotsa, kanjirako kamakhala kotseguka nthawi zonse, ndipo gawo lina la madzi otentha limabwerera m'injini lisanazizire, pa nthawi yeniyeni imene kuziziritsa kukufunika kwambiri. Za gasketi sindikukana, koma ilipo njira yoyesera popanda kumasula bawuti ngakhale imodzi.

Yohane, galaja ya ku Chinamwali

Ndathokoza nonse awiri. Che Jafali mwalondola, thermostat mulibe, ndapeza mphira wake wokha. Chivindikiro chinali kutaya mphamvu chisanafike ndi pa theka lomwe, ndipo ndaika chatsopano pamodzi ndi thermostat imene ndinaitanitsa ku Limbe. Pa za gasketi, ndinabwereka kachipangizo kaja ka mankhwala abuluu amene amasanduka achikasu akakumana ndi utsi wa injini, ndipo ngakhale ndinaponda mafuta kwa nthawi ndithu, mtundu wake sunasinthe. M'rediyeta simukutuluka thovu, oyilo sanasanduke ngati tiyi wamkaka, ndipo masilinda onse atatu akupanikiza mofanana.

Dzulo masana tinakweranso. Madzi sanatayike ngati kale, ndipo pa malo athyathyathya kutentha kwakhazikika pa 86, koma pa chitunda kunakwerabe mpaka 109 ndipo kunali kukupitirira pamene tinaima. Zaongokerako, koma matenda enieni akadalipo.

Mayi Nachisale, za magetsi a galimoto, Sadzi

Achimwene a Yohane, m'mawu anu oyamba muli chinthu chimene abambowa achidumpha. Mwanena kuti fani imayamba kungotembenuza kiyi ndipo siima. Pa Vitz imene sinagwidwepo ndi munthu, fani siyenera kutero. Kompyuta ndiyo imailiza kudzera pa kaswichi ka magetsi kotchedwa relay madzi akatentha kapena AC ikayatsidwa, ndipo imaizimitsanso. Ngati ikuzungulira nthawi zonse, ndiye kuti wina anadula mawaya n'kuilumikiza mwachindunji, ndipo pamene padutsa lumo la munthu wina pamafunika kukayikira chilichonse.

Ndikupemphani muchite zinthu ziwiri. Lizani injini, mutenge pepala la nyuzipepala kapena kajumbo kopepuka, mukaike kutsogolo kwa galimoto pamene mpweya umalowera, ndipo mutiuze ngati kakukokedwera m'kati kapena kakukankhidwira kunja. Kenako muwafunse aphunzitsiwo ngati AC imazizira galimoto itaima.

Yohane, galaja ya ku Chinamwali

Mayi, ndachita manyazi. Pepala likuuluzikira kunja, ndipo nditaika dzanja patsogolo pa bampa ndamva mpweya wotentha ukundiomba. Aphunzitsi akuti AC imazizira galimoto ikamathamanga basi, ikaima pa depoti imatulutsa mpweya wofunda, koma iwo ankayesa kuti gasi watha. Ndatsata mawaya ndipo ndapeza kuti pulagi ya fani inadulidwa, mawaya awiri anapotedwa ndi manja n'kukulungidwa ndi tepi, ndipo mota ya faniyo si ya Vitz, chifukwa mabowo a mabawuti ake anachita kubooledwa mwatsopano.

Mayi Nachisale, za magetsi a galimoto, Sadzi

Ndi chimenecho. Mota yotere ikalumikizidwa mosemphanitsa mawaya siikana kugwira ntchito, imangozungulira chobwerera, ndipo munthu woyang'ana ndi maso amakhutira kuti fani ili moyo. Fani ya Vitz ili kumbuyo kwa rediyeta ndipo ntchito yake ndi kukoka mpweya wozizira kuchokera kutsogolo. Yanuyo ikutenga mpweya wotentha wa pa injini n'kumaukankhira kutsogolo, kulimbana ndi mphepo imene ikulowa galimoto ikamayenda.

Chifukwa chake vutoli limabisala chili motere. M'tauni injini sigwira ntchito yolemetsa, ndipo galimoto ikaima mpweya wobwererawo, ngakhale uli wofunda komanso wochepa chifukwa mapiko a fani anapindidwira mbali imodzi, umakwanirabe kuchotsa kutentha kochepako. Pa M3 galimoto ikamathamanga makilomita 80 pa ola, mphepo ya kutsogolo imakhala yamphamvu kwambiri moti imaigonjetsa faniyo. Koma pokwera ku Chawe liwiro limatsika kufika pa 25 kapena 30, mphepo yolowa ndi mpweya wa fani zimakhala pafupifupi zofanana mphamvu, ndipo pa rediyeta sipadutsa kanthu. Nthawi yomweyo kainjini ka 996 cc kamakhala kakulira pamwamba, CVT itakasiya pa giya yotsika, kakukoka anthu anayi pa chitunda. Kutentha kumachuluka pamene kuziziritsa kwaima.

Musangosinthanitsa mawayawo n'kutseka boneti. Fufuzani chimene chinamuchititsa munthuyo kulumikiza mwachindunji. Onani fyuzi ya fani, yesani relay, ndipo mutsate waya wochokera ku bokosi la mafyuzi kufika pamene panali pulagi. Mukabwezeretsa, muwotcherere malumikizidwewo, osati kupota ndi manja, chifukwa fani imakoka magetsi ambiri ndipo polumikiza polobodoka pamatentha mpaka kusungunula tepi.

aMbewe, Mpondabwino

Ndavomera, mayi, hedi ikanatsegulidwa pachabe. Komabe Yohane ayesenso mankhwala abuluu aja pakatha mwezi, chifukwa hedi ya aluminiyamu imene yafika pa 111 kangapo siiwala msanga.

Che Jafali, Matawale

Mawu a aMbewe amenewo ndi oona. Ine funso langa lili pa kagulidwe. Mota ya fani siichoka m'galimoto popanda chifukwa, ndipo nthawi zambiri imasweka galimoto ikagunda ndi kutsogolo. Yohane, yang'anani chitsulo chopingasa chimene chimagwira rediyeta ngati chili ndi zizindikiro za kuwongoledwa ndi nyundo kapena kuwotcherera, muone mitu ya mabawuti a boneti ndi a mafenda ngati penti yake inasupuka ndi sipana, ndiponso muyerekeze magalasi a nyale ziwiri za kutsogolo, chifukwa imodzi ikakhala yowala ngati yatsopano pamene inzake yachita chikasu, pamenepo pali nkhani. Onaninso ngati alipo mapulasitiki a m'mbali mwa rediyeta ndi a kunsi kwa bampa amene amalondolera mphepo. Okonza galimoto za ngozi amakonda kuwataya, ndipo popanda iwo mphepo imazemba rediyeta n'kudutsa m'mbali.

Galimoto zambiri zimene zimabwera kuchokera ku Japan kudzera ku Dar es Salaam ndi pa chipata cha Songwe zimakhala zinagulitsidwa pa okushoni, ndipo pepala la ku okushoniko limalemba chilembo R pa galimoto imene inachitapo ngozi n'kukonzedwa. Koma imeneyi, poona tepi ndi mabowo obooledwawo, ndikukhulupirira kuti inagundira konkuno, pakuti ntchito yotere ndi ya manja athu omwe. Ine masiku ano munthu akandipempha kuti ndikamuonere galimoto, sindikhutira ndi kuzungulira nayo pa msika. Ndimafika injini isanalizidwe m'mawa, ndimadikira mpaka fani iyake ndi kuzima yokha, kenako ndimaikweza chitunda titakhalamo anthu angapo. Wogulitsa akakana chitunda, ndimabwerera ndi kasitomala wanga.

Yohane, galaja ya ku Chinamwali

Zonse zimene mwatchula ndazipeza, madala. Chitsulo chogwira rediyeta chinawotchereredwa mbali ya kumanzere, nyale ya mbali yomweyo ndi yatsopano, ndipo pulasitiki ya kunsi kulibe. Tsiku logula ndinaona fani ikuzungulira injini ili yozizira ndipo ndinaziwerengera ngati ubwino.

Chimene chinamusokoneza munthu uja ndi chaching'ono. Relay ndi yabwino, fyuzi ndi yabwino, koma waya wochokera ku bokosi la mafyuzi unafinyidwa ndi chitsulo pa ngoziyo n'kuduka m'kati, kunja ukuoneka wathunthu. Ndaika waya wina, ndapeza fani yathunthu ya Vitz pamodzi ndi pulagi yake kwa ogulitsa zida za galimoto zophwasulidwa, ndipo m'malo mwa pulasitiki yosowayo ndadula lata lopyapyala n'kulimanga bwino. Madzi a pampopi amene anali m'rediyeta ndakhetsa, ndathira coolant yofiirira ija ya Toyota, ndipo ndachotsa mpweya wonse.

Lero cha m'ma 1 koloko masana, dzuwa lili paliwombo, takwera anthu anayi AC itayaka. Kutentha sikunapitirire madigiri 96 mpaka pamwamba, ndipo titaima n'kuzimitsa AC, fani inazungulira kanthawi n'kuzima yokha.

Mayi Nachisale, za magetsi a galimoto, Sadzi

Zasangalatsa. Popeza galimotoyo yavutika pa chitunda kangapo itatentha, muonenso mafuta a giya. Ngati munthu yemwe uja anagwiranso kumeneko, n'kutheka kuti anathira ATF, mafuta wamba a giya ya otomatiki, pamene CVT imeneyo imafuna mafuta ake a Toyota CVT Fluid TC. Lamba wachitsulo wa m'giyamo akayamba kuterereka, mtengo wake udzaposa zonse zimene mwakonzazi.

Yohane, galaja ya ku Chinamwali

Ndawauza aphunzitsi kuti abwere nayo Loweruka kuti tikhetse mafuta a giya tione mtundu ndi fungo lake, ndipo mankhwala abuluu tidzayesanso kumapeto kwa mwezi monga anenera aMbewe. Ndawafotokozeranso za ngozi ija mosabisa. Ndalama ya pampu ya madzi ndawabwezera, popeza yakaleyo inalibe vuto, ndipo ndaisunga pa shelefu ngati wina wa inu angaifune.