Kodi Guthrie ameneyu anali ndani, ndipo amafunanji m'magazi a khanda?

Make Chisamba
Azimayi anzanga ndi inu a zachipatala, ndithandizeni. Ndili ku Leeds, ku UK, ndi khanda. Litakwana masiku 5 kunabwera azamba, n'kulibaya kuchidendene, n'kudonthetsera magazi pakakhadi. Apongozi anga, amene anabwera kudzandithandiza chikuta, mpaka pano nkhope ili gwa, ati magazi a khanda satengedwa chisawawa. Azambawo anangotchula dzina loti Guthrie. Ndi ndani ameneyu, ndipo akufunafuna chiyani mwa mwana wabwinobwino?

Namwino wa Ana
Mwapulumuka mayi, tikuthokoza. Apongoziwo auzeni mtima ukhale m'malo.

Nkhani yake yagona poti mwanayo amaonekadi wabwinobwino. Pali matenda akumtundu otchedwa PKU. Chiwindi cha mwana wotere sichitha kugaya phenylalanine, kachinthu kopezeka mu mkaka, nyama, mazira ndi nyemba. Kamangounjikana m'magazi n'kumawononga ubongo mwakachetechete. Podzafika poti makolo azindikire kuti mwana sakukhala, sakuyankhula, mwina akugwa khunyu, madzi afika kale m'khosi. Kuno ku UK amagwira mwana mmodzi pa ana pafupifupi 10,000.

Robert Guthrie anali dokotala wofufuza za tizilombo ku Buffalo, ku America. Mwana wake anali ndi vuto la kukula kwa nzeru, ndipo mwana wa m'bale wa mkazi wake anamupeza ndi PKU mochedwa. Iye anatenga tizilombo totchedwa Bacillus subtilis, n'kutiika m'mbale ya mankhwala otilepheretsa kuswana pokhapokha patakhala phenylalanine wambiri. Ukaikapo kachidutswa ka pepala ka magazi ouma, tizilombo tikachulukana mozungulira, wadziwa kuti mwanayo ali ndi PKU. Zotsatira zake anazisindikiza mu 1963 pamodzi ndi Ada Susi.

Wa mu Labu
A Namwino mwafotokoza bwino, koma ine zimandinyansa kuti ulemu wonse umapita kwa Guthrie. Kuyeza kukanathandiza chiyani pakanapanda chithandizo?

Anatulukira matendawa ndi dokotala Asbjørn Følling wa ku Oslo, ku Norway, mu 1934. Mayi wina anamubweretsera ana ake awiri, akudandaula za kafungo kachilendo ka mkodzo wawo, madokotala ena atamunyalanyaza. Følling atathiramo mankhwala otchedwa ferric chloride, mkodzowo unasanduka wobiriwira, ndipo sanapume mpaka anapeza chimene chikuchititsa. Kenako Horst Bickel, Evelyn Hickmans ndi John Gerrard ku Birmingham Children's Hospital anakonza chakudya chochotsedwa phenylalanine, n'kulengeza mu 1953 kuti kamtsikana kamene anakadyetsa kanayamba kusintha. Kumenekonso anali mayi wa mwana amene anawaumiriza, osati nzeru zawo zokha ayi.

Chomwe ndimamuvulira chipewa Guthrie ndi pepalalo. Njira ya tizilombo ija tinaisiya kalekale, pano pali makina, koma kakhadi kakadali komweko: magazi ouma safuna fuliji, umangoika mu envulopu n'kutumiza papositi. Ndiponso kampani ina itafuna kugulitsa zida zoyezera ana 500 pa madola 262, pamene iye ankazipanga pa madola 6, anakana kwamtuwagalu.

Bambo wa Atatu
Make Chisamba, mbiri mwaimva, koma kwa ife anthu akuda PKU ndi yosowa kwambiri. Chimene muyenera kudikirira pakhadi lomwelo ndi sickle cell, matenda akumtundu a magazi, chifukwa amayezera pomwepo. Ine ndi akazi anga tonse tili ndi mbewu yake koma sitidwala, ndiye mimba iliyonse pamakhala mwayi umodzi pa 4 woti mwana abadwe nayo, monganso zimakhalira ndi PKU. Wachiwiri wathu anabadwa nayo, ndipo anamuyambitsa penicillin asanadwaleko n'komwe. Apongoziwo afunseni ngati kumtundu kwawo kunalibe ana otupa manja ndi mapazi, osowa magazi pafupipafupi.

Namwino wa Ana
Zoona bambo. A mu Labu, sindikukanani, koma Følling ndi Bickel ankathandiza ana amene ubongo unawonongeka kale. Guthrie ndiye anachititsa kuti azipezeka zisanayambe. Mayi, zotsatira muzilandira mwana asanathe masabata 6, ndipo pakakhala vuto amaimba foni msanga. Pitirizani kuyamwitsa.