Pulogalamu yoyendetsa telesikopu: tiyambire pati?

Wa ku Mufakose:
Akuluakulu, kagulu kathu ka ophunzira kuno ku Harare kakufuna kulemba pulogalamu yoyendetsa dishi ya mamita 3, yomvera mafunde a hydrogen pa 1420 MHz. Kodi olemba mapulogalamu a matelesikopu akuluakulu a MeerKAT ndi ALMA anakumana ndi zotani zoti nafenso titengerepo nzeru?

Wa ku Highfield:
Achimwene, yambani ndi nthawi. M'pulogalamu monse gwiritsani UTC (nthawi imodzi yoyendera dziko lonse lapansi), nthawi ya kuno izioneka pa sikirini basi. Harare ili patsogolo ndi maola 2, ndipo thambo limazungulira madigiri 15 pa ola, choncho mukasakaniza, dishi iloza madigiri 30 pambali. Pa matelesikopu akuluakulu vuto limabisala m'masekondi. Kuyambira 2017, TAI (nthawi ya mawotchi a atomiki) ili patsogolo pa UTC ndi masekondi 37, nthawi ya GPS ili patsogolo ndi 18. Masekondi 37 amasuntha thambo ndi ma arcminute 9, pafupifupi gawo limodzi mwa atatu a kukula kwa mwezi. Nthawi iliyonse yolembedwa m'fayilo ya FITS (fayilo yosungira zimene telesikopu yaona) izinena kuti ndi ya mtundu uti.

Wa ku Mbare:
Zoona. Ine ndikuti lembani simulator (pulogalamu yoyerekezera dishi yeniyeni) musanakhudze mota. A MeerKAT anayamba ndi madishi 7 a KAT-7 asanafike pa 64 amene anatsegulidwa mu 2018, ndipo zida zawo zimalankhula ndi mapulogalamu kudzera pa KATCP, mauthenga amawu wamba oti munthu amawerenga ndi maso. Chida chabodza chikamayankha mofanana ndi chenicheni, mumayesa zovuta muli pa desiki: mota yakana, uthenga wachedwa, encoder (kachipangizo kouza kompyuta pomwe dishi yaloza) yabweza nambala yopanda mutu. Komanso musamangirire pulogalamu yonse pa luso limodzi. Pulogalamu ya ALMA, telesikopu ya madishi 66 ku Chile, inamangidwa pa CORBA, luso lolumikizira mapulogalamu lomwe lero ndi ochepa akuliphunzira, chikhalirecho telesikopu imagwira ntchito zaka makumi angapo.

Wa ku Highfield:
Ndiwonjezepo chimodzi, ndipo ichi musachinyozere. Chitetezo cha dishi chisadalire kompyuta yaikulu. Magetsi akathima n'kubweranso, encoder yongowerenga masitepe imaiwala pomwe dishi inaloza. Pulogalamu ikaganiza kuti ili pa ziro, imazunguliza mpaka mawaya kupotokola n'kuduka. Ikani limit switch mbali zonse ziwiri, yodula magetsi a mota payokha, ndipo poyatsa dishi iziyamba yabwerera pa malo odziwika. Mphepo ikakula, kachipangizo kapadera kaiyimike moyang'ana kumwamba, ngakhale kompyuta itafa.

Wa ku Mufakose:
Zikomo kwambiri akuluakulu. Tiyamba ndi simulator, ma switch tikafufuza m'tauni Loweruka.