Ndisinthe camshaft kapena hedi yonse pa 4A-FE?

Akuluakulu odziwa za injini, ndithandizeni maganizo. Ndimakhala ku Luchenza ndipo ndili ndi Toyota Corolla ya injini ya 4A-FE, ya 1.6. Injini ili bwino, sidya oyilo, koma ndikufuna ikhale ndi mphamvu zoonjezera, makamaka pa zitunda za msewu wochoka ku Thyolo kupita ku Makwasa, komwe ndimangokhalira giya 2.

Makaniko wina akuti tipale hedi (chivundikiro cha pamwamba pa masilinda) pang'ono kuti compression (kupanikizika kwa mpweya ndi mafuta m'masilinda) ikwere, tikuze ma port (mabowo olowera ndi otulukira mpweya mu hedi), kenako tiike camshaft yotsegula mavalavu nthawi yaitali. Nkhawa yanga ili pa camshaft imeneyi. Imapereka mphamvu injini ikamalira kwambiri, koma pa ma rev otsika galimoto imafooka, ndipo ukaima injini ili chilirire imanjenjemera. Ine mphamvu ndikuzifuna pokwera chitunda nditanyamula anthu ndi mikoko ya nthochi kumbuyo. Komanso hedi ikapalidwa mopitirira, mavalavu amayandikira mapisitoni, injini n'kumagogoda ikatentha.

Mnzanga wina akuti ndingogula hedi ya 4A-GE, injini ina ya Toyota yamphamvu kuposa yangayi. Komatu pa 4A-GE lamba amazungulitsa ma camshaft onse awiri, pomwe pa yangayi amazungulitsa imodzi, inayo imayendera giya. Ndiye kuti mapisitoni, manifold, mawaya ndi kompyuta ya injini ndisinthenso zonsezi?

Inu amene munachitapo zimenezi, hedi munapala mochuluka bwanji? Kompyuta yakale inagwirizana nayo camshaft yatsopanoyo, nanga galimoto inayamba kumwa mafuta motani? Ndiuzeninso ngati ku Limbe kuli malo opala hedi amene amayeza bwino asanayambe ntchito.