Matenda a ME alibe chipani, koma gulu lathu likugawanika pa ndale. Tiyambire pati?

Wobisa dzina

Abale ndi alongo, makamaka inu amene muli kuno ku UK ndipo ndale zakuno mumazitsata, ndithandizeni nzeru. Dzina ndabisa chifukwa nkhaniyi ikukhudza matenda a mayi a kunyumba kwanga, ndipo iwo sakufuna kuti achibale akumudzi aimvere pa Facebook.

Mayiwa akudwala ME, matenda amene madokotala ena amawalemba kuti ME/CFS. Anayamba atangochira Covid, ndipo mpaka lero sanadzukenso bwinobwino. Sikutopa kuja timakudziwa tonse tikaweruka ntchito ya usiku ayi. Akachita kanthu kakang'ono, kaya kusamba, kaya kuphika nsima ya anthu awiri, ngakhale kucheza pafoni ndi achemwali awo, mawa lake kapena mkuja thupi limagweratu. Mutu umawawa, minofu imaphwanya, kuwala kumawalasa m'maso, mawu amasowa pakamwa, ndipo ngakhale agone tsiku lonse sadzuka ndi mphamvu. Kugwa kumeneku odwala amakutchula kuti PEM. Munthu amene ankasamalira okalamba maola 12 osakhala pansi, lero masiku ambiri amakhala m'chipinda chotseka makatani.

Tili ndi kagulu ka odwala ndi owasamalira kuno kumpoto kwa England, timakumana pa Zoom. Dandaulo lathu ndi limodzi. Kuti munthu aonedwe kuchipatala choona za ME amadikira nthawi yaitali, ndipo amene sangadzuke pabedi palibe amene amabwera kudzawaona kunyumba. Odwala kwambiri ndi amene asiyidwa kwambiri. Tinagwirizana kuti tikagogode kwa andale.

Apa ndi pamene pavuta. Mayi wina wa m'gululi, wamtima wabwino ndithu, ndi wachipani kwambiri. Iye akufuna tiitane anthu a chipani chake okha, tijambulitse nawo zithunzi, nkhani yathu ilowe m'timapepala tawo ta kampeni ya makhansala. Akuti ndi okhawo amene amamva za anthu ovutika. Bambo wina, amene mwana wake wamkazi wakhala pabedi kuyambira ali kusekondale, wanena poyera kuti zikatero iye atuluka. Mamembala athu amwazikana m'madera atatu, ndipo aphungu ake ndi a zipani zitatu zosiyana. Andisankha ine kuti ndilembe makalata poti ndilibe chipani kuno.

Maganizo anga ndi akuti tikangovala nsalu ya chipani chimodzi, ena onse atiyang'anira kumbali, ndipo chipanicho chikadzagwa nkhani yathu igwera limodzi. Matendawa satha ndi chisankho. Koma sindikudziwa kuti anthu amene amatukwanizana pa TV ungawakhazike bwanji pamodzi. Kodi ndiwalembere onse kalata imodzi? Tipemphe chiyani kwenikweni kuti asangotiyankha kuti "tamva"? Nanga odwala eniakewo, amene sangathe ngakhale kukhala pampando kwa theka la ola, mawu awo amveka bwanji? Ndipo ndisabise, ndili pa viza ya ntchito. Kodi kulembera aphungu sikungandiike m'mavuto?

Mlongo wa ku Glasgow

Pepani kwambiri achimwene, apatseni moni alamu. Mukuganiza bwino, ndipo mbiri ya nkhaniyi kuno ikukuikirani umboni. Amene anaikoka mwamphamvu ku Westminster, kunyumba ya malamulo ya UK, anali Carol Monaghan wa chipani cha ku Scotland cha SNP, phungu wakale wa Glasgow North West. Anatsogolera zokambirana za ME mu 2018, kenako m'nyumba ya malamulo momwemo mu January 2019. Mu May 2022 nduna ya zaumoyo Sajid Javid, wa Conservative, inalengeza kuti boma lipanga ndondomeko ya ME, ndipo inanena yokha kuti m'banja mwake muli wodwala. Ndondomeko yongoyembekezera inatuluka mu August 2023 boma lili la Conservative, yomaliza inatuluka mu July 2025 boma lili la Labour. Monaghan analuza mpando wake mu 2024, koma nkhani sinafe, gulu la aphungu a zipani zonse loona za ME, lomwe amati APPG, linadzukanso ndipo wapampando anakhala Jo Platt wa Labour. Zipani zitatu, ntchito imodzi. Mayi wachipaniyo muwafotokozere zimenezi mofatsa. Zikanakhala za chipani chimodzi, bwenzi zitakwiriridwa pa chisankho chija.

Bambo wa ku Luton

Za viza musade nazo nkhawa. Phungu ndi wa aliyense wokhala m'dera lake, kaya anamuvotera kaya ayi. Komanso ambiri sadziwa kuti ife a ku Malawi ndi Zambia, poti ndife a Commonwealth, tikakhala ndi chilolezo chokhala m'dziko muno timaloledwa kulembetsa n'kuvota. Lembetsani, ndipo m'kalata muike adiresi ndi postcode yanu pamwamba. Chokhacho, musalembe m'dzina la kampani imene mumagwirako ntchito kapena kujambulitsa mutavala yunifolomu.

Kalata imodzi kwa onse atatu ayi. Aphungu kuno ali ndi mwambo wosalowerera nkhani za anthu a dera la mnzawo. Aliyense alemberedwe ndi munthu wa m'dera lake. Pa WriteToThem mukaika postcode mumaona phungu ndi makhansala anu.

Wobisa dzina

Zikomo bambo, za kuvotazi sindinkazidziwa, mtima wakhala pansi. Ndiye kuti ine ndikonze mfundo, koma osaina akhale atatu, aliyense kwa phungu wake?

Bambo wa ku Luton

Eya, koma aliyense alembe m'mawu ake. Makalata ofanana mawu ndi mawu ogwira ntchito mu ofesi ya phungu amawazindikira msanga, amayankha ndi kalata yokonzeratu. Mfundo zikhale zofanana, nkhani ya banja ikhale yakeyake. Ndipo pemphani kukumana naye pa surgery, tsiku lija phungu amakhala m'dera kumva madandaulo.

Mnyamata wa ku Coventry

Ine ndikuona mosiyana akuluakulu. Ndalama ili ndi boma. Bwanji osangolimbana ndi phungu wa chipani cholamula basi? Otsutsa angokulonjezani, alibe chopereka. Komanso alamuwo ayese kumayenda pang'onopang'ono tsiku lililonse, kumawonjezera mtunda sabata iliyonse, thupi limazolowera.

Namwino wa ku Leeds

Mchimwene wa ku Coventry, ndikudziwa mukunena mwachikondi, koma malangizo oyendawo achotseni chonde, pagulu pano pakhoza kukhala odwala ena amene angawatsatire. Njira imeneyo, yowonjezera masewero olimbitsa thupi mwandondomeko, ndi imene inkaperekedwa kale, ndipo kafukufuku wa PACE wa mu 2011 anailimbikitsa. Odwala ambiri anadandaula kuti inawaonjezera matenda, akatswiri ena anatsutsa mmene kafukufukuyo anayendetsedwera, ndipo mu October 2021 bungwe la NICE, limene limalemba malangizo a zachipatala kuno, linatulutsa malangizo atsopano, NG206, oti njira imeneyo isaperekedwenso kwa odwala ME. Linanenanso kuti CBT, uphungu wothandiza pa kaganizidwe, si mankhwala ochiza matendawa, ingangothandiza munthu kupirira. Chimene chimalimbikitsidwa tsopano ndi pacing, kudziwa malire a mphamvu zako n'kusawadumpha.

Achimwene ofunsa, NG206 ndiye chida chanu chachikulu pa nkhani ya zipaniyi. Simukupempha chinthu cha Labour kapena cha Conservative kapena cha Liberal Democrat. Mukupempha kuti zimene NICE inalemba kale zichitike kwanuko. Muli gawo lonena za odwala kwambiri, kuti athandizidwe m'njira imene angakwanitse, kuphatikizapo kuwayendera kunyumba. Palibe phungu amene angaime n'kunena kuti akukana malangizo a NICE.

Pempho likhale laling'ono loti munthu angathe kulichita sabata yomweyo. Phungu aliyense alembere ICB ya kwanuko, bungwe limene limagula ntchito zachipatala m'dera, kufunsa kuti odwala ME osadzuka pabedi amathandizidwa bwanji, ndi kuti ogwira ntchito angati achita maphunziro a pa intaneti a ME amene NHS, bungwe la zipatala za boma, inakonza. Atatuwo akavomera kusaina kalata imodzi yopita ku ICB, ndiye mwapambana kwambiri, chifukwa kalata yotero siyankhidwa mwachidule. Chachiwiri, muwapemphe alowe APPG ija. Malamulo ake amafuna mamembala osachepera 20 ndi atsogoleri 4, ndipo mwa atsogoleriwo pamayenera kukhala wa chipani cholamula ndi wa chipani chachikulu chotsutsa. Dziwani kuti APPG ilibe mphamvu yopanga lamulo kapena kupereka ndalama, ntchito yake ndi kukankha nduna.

Ndionjezere ichi poti ndimachiona kuntchito. Anthu akuda amene ali ndi zizindikiro zotere ambiri sauzidwa n'komwe dzina la matenda awo, ena amangoti ndi stress, kunyumba akuti ndi ulesi kapena alodzedwa. Inu mukaima pamaso pa phungu mukuimiranso amenewo.

Mnyamata wa ku Coventry

Zoyendazo ndachotsa, pepani. Koma funso langa la ndalama lija silinayankhidwe.

Mlongo wa ku Glasgow

Funso lanu ndi lomveka. Ndondomeko ya July 2025 mabungwe a odwala monga ME Association ndi Action for ME anaidandaula pa nkhani yomweyo, kuti yabwera yopanda ndalama zokwanira zoikidwa padera. Ndiye amene angafunse nduna mosaopa kuti ndalama zili kuti ndi ndani? Wa chipani cholamula amalankhula mosamala, koma amatha kuinong'oneza nduna m'khonde. Wotsutsa amafunsa mokweza, amalemba mafunso amene nduna imayenera kuyankha molemba. Mumawafuna onse awiri. Achimwene ofunsa, kumbukiraninso kuti ndondomekoyo ndi ya England. Ife kuno za umoyo zili m'manja mwa boma la Scotland, timagogoda kwa ma MSP, aphungu a nyumba ya malamulo ya Scotland.

Mayi wa ku Manchester

Ine ndine wodwala, ndikulemba ndili chigonere, ndiye ndifupikitsa. Chonde musatinyamule kupita nafe kumsonkhano kuti andale atione. Tsiku limenelo tidzaoneka bwino, tidzamwetulira, iwo adzati si awa ali bwinobwino, koma sabata yotsatira sadzationa. Tijambuleni mawu a mphindi imodzi pafoni, tsiku limene tili ndi mphamvu. Kapena tilembe ziganizo zitatu wina akawerenge. Pa 12 May, tsiku lokumbukira ME, a kampeni ya odwala ME ya Millions Missing amayala nsapato za odwala pabwalo kusonyeza anthu amene akusowa kuntchito ndi kusukulu. Mukhoza kutero. Ndipo tifunseni kaye musanapereke chithunzi kapena dzina lathu kwa wandale aliyense.

Wobisa dzina

Amayi, zikomo potaya mphamvu zanu zochepazo kundiyankha. Ndawawerengera mayi a kunyumba, agwetsa misozi, akuti ndi zomwezo zimene akhala akufuna kundiuza. Musayankhenso, pumulani.

Khansala wakale, Midlands

Ndinakhalapo khansala kuno, ndiye ndikuuzeni za kukhonsolo, poti onse akukamba za aphungu. Khonsolo imene imayang'anira chisamaliro cha anthu imakhala ndi komiti younika za umoyo, health scrutiny, ndipo mumakhala makhansala a zipani zosiyanasiyana. Komiti imeneyi ili ndi mphamvu yoitana akuluakulu a NHS a m'dera kudzayankha mafunso pagulu. Lemberani wapampando wake ndi kalaliki wa komitiyo kuti ME ilowe pa mndandanda wa zokambirana. Mukafuna motion, mfundo yoti khonsolo yonse ivotere, pezani woipereka wa chipani china, woivomereza wa chipani china, ndipo mawu ake muwaonetse magulu onse isanalowe. Andale amakana chinthu chabwino akangoona kuti ulemu wake upita kwa mdani.

Nthawi muisamale. Masabata oyandikira chisankho khonsolo imaletsedwa kuchita zinthu zooneka ngati zikukometsa mbali ina, ndipo chilichonse chimene mungachite chidzatengedwa ngati kampeni. Yambani kusanatenthe kapena dikirani chidutse.

Mukamafotokoza matendawa musatalikitse. Mfundo zochepa zolimba zimakwana: WHO inawaika m'gulu la matenda a ubongo ndi mitsempha kuyambira 1969, akatswiri a ku University of Edinburgh anayerekeza mu 2025 kuti odwala ku UK angapitirire 400,000, ambiri mwa iwo akazi, kafukufuku wa DecodeME wa pa yunivesite yomweyo, amene anayeza DNA ya odwala oposa 15,000, anapeza malo 8 osiyana ndi a anthu ena, okhudza chitetezo cha m'thupi ndi mitsempha. Palinso nkhani ya mtsikana wa zaka 27 wa ku Devon amene anamwalira mu 2021, imene coroner, mkulu wofufuza zoyambitsa imfa, anailembera chenjezo mu 2024 loti kusowa kwa chithandizo cha odwala kwambiri kungaphetse ena. Imeneyo muitchule mwaulemu, si yokometsera kalata.

Wa chipani chilichonse ali ndi khomo lake lolowera. Wina amamva za anthu amene asiya ntchito ndi misonkho imene ikutayika, wina za chilungamo kwa olumala, wina za osamalira odwala osalipidwa ngati inuyo. Zonsezo ndi zoona, simukunamiza aliyense. Koma pempho likhale limodzimodzi kwa onse, chifukwa amakambirana.

Wobisa dzina

Bambo, izi ndiye zimene ndimasowa. Nanga mayi wachipani uja ndithane nawo bwanji? Sindikufuna achoke, ndi amene amagwira ntchito kwambiri m'gulu, ndipo mwamuna wawo akudwala kuposa mayi a kwathu.

Khansala wakale, Midlands

Musawatsekere kunja. Apatseni ntchito yobweretsa anthu a chipani chawo, poti amawadziwa ndipo adzawamvera. Bambo winayo abweretse a mbali imene amagwirizana nayo. Koma gulu ligwirizane kaye malamulo awiri n'kuwalemba: dzina la gulu ndi zithunzi za odwala sizilowa m'timapepala ta kampeni ta chipani chilichonse, ndipo msonkhano uliwonse oitanidwa ndi onse, wokana akane yekha. Mayiwo ngati akufuna kukamba za mwamuna wawo pa kampeni ndi ufulu wawo, koma m'dzina lawo, osati la gulu.

Wobisa dzina

Ndiwaimbira foni mayiwo ndekha tisanakumane pa Zoom, kuti asazimvere pagulu. Namwino wa ku Leeds, ngati mungathe, ndilozereni gawo la NG206 lonena za odwala kwambiri lija kuti ndiliike m'mfundo za makalata atatuwo. Ndipo ngati alipo wina pano amene anakaonekerapo pamaso pa komiti ya health scrutiny, andiuze kuti munthu wamba amapatsidwa mphindi zingati, ndi ngati amalola kuseweretsa mawu ojambulidwa pafoni.