Ma pointer a mu PROGMEM akundilembera zinyalala pa Uno

Wa ku Bembeke: Anzanga thandizeni mutu waima. Ndikupanga kabokosi koyendetsa pampu ya sola kwa alimi a kachewere kuno, ndi bodi ya Arduino Uno, LCD (kasikirini kolemba mauthenga) ndi SIM800L (kachipangizo kolumikiza ku netiweki ya foni). RAM inatsala pang'ono kudzaza, mukudziwa 328P, chip ya pa Uno, ili ndi 2KB yokha, ndiye mauthenga onse ndawaponya mu PROGMEM (kutanthauza mu flash momwe mumakhala code, osati mu RAM) ndi array ya ma pointer (ma adiresi oloza pomwe pali uthenga uliwonse). Pano lcd.print(msg[i]) ikungolemba zinyalala koma code yomweyi pa Blue Pill (bodi ya chip ya STM32) ikuyenda bwinobwino, chavuta nchani?

Mdala wa ku Tsangano: Ndi magetsi amenewo. SIM800L imakoka mpaka 2A ikamatumiza, ikani capacitor yaikulu

Wa ku Bembeke: Madala SIM800L ndazula kale, zikuchitikabe

Chemwali wa pa Boma: Achimwene pointer ya pa AVR (mtundu wa chip ya pa Uno) ndi ma byte 2 basi, nambala chabe, siidziwa kuti ikuloza mu flash kapena mu SRAM (RAM ija). Adiresi ngati 0x0200 uku iliko, ukonso iliko. Ndiye print yanuyo ikutenga adiresi ya mu flash nkukawerenga mu SRAM, ikungotola chomwe yapeza pamenepo. Pa STM32 pointer ndi ma byte 4 ndipo zonse zili pa mapu amodzi, flash pa 0x08000000, SRAM pa 0x20000000, nchifukwa chake kumeneko zikudutsa. Tengani pointer ndi pgm_read_word(&msg[i]) kenako koperani uthengawo ndi strcpy_P mu buffer ya mu RAM. Koma buffer ikwane ndi ziro wakumapeto yemwe, apo ayi mupondereza stack

Mdala wa ku Tsangano: Ana inu, LCD ikayamba kulemba zachilendo ndi magetsi kapena waya watalika. Yezani kaye 5V

Wa ku Lizulu: Zandikumbutsa mnyamata wina ndinkagwira naye, anasunga struct yonse mu EEPROM (memory yosafufutika magetsi akazima) pointer ili momwemo. Zinkayenda mpaka tsiku tinaika firmware yatsopano, ma adiresi anasuntha, pampu osazimanso, thanki kusefukira madzi mpaka kukokolola tomato wa eni ake. Pointer musamaisunge mu EEPROM aise, sungani index. Komanso pointer osaiponya mu uint16_t (ya ma byte 2), pa Uno zidutsa koma pa STM32 mwaidula pakati

Chemwali wa pa Boma: Ndipo mukadzapita pa Arduino Mega musamale, flash ndi 256KB pomwe ma byte 2 amathera pa 64KB

Mdala wa ku Tsangano: Ine ndanena, capacitor

Wa ku Lizulu: Kkkk madala. Kodi alipo watsika ku Lilongwe sabata ino? Ndikufuna ma Blue Pill awiri koma asakhale aja a chip yabodza