Ntchito yanji imene sukulu za MBA zimaiwerengera?

Chikondi: Akuluakulu, mwaswera bwanji nonse. Ndikupempha nzeru kwa amene munadutsako ku sukulu za bizinesi. Digiri ndili nayo, ndinabwera nayo, koma kuno ku Johannesburg ndimagwira mu warehouse ndipo pa kontrakiti analemba kuti general assistant. Fomu ya MBA, digiri ya masters ya kayendetsedwe ka bizinesi, ikufunsa za zaka zimene ndakhala pa udindo. Ntchito yangayi angaiwerengere, kapena ndiyambe ndasaka ya mu ofesi?

A Mbewe: Mphwanga, dzina la pa kontrakitilo tiyambe talisiya pambali. Tatiuza, ukafika pantchito umachita chiyani kuyambira m'mawa?

Chikondi: Ndimagawa anyamata, awa kotsitsa, awa kopakira. Katundu akalowa ndimawerenga ndine n'kulemba mu kompyuta. Galimoto ikachedwa kasitomala amaimbira ine. Bwana akapita kutchuthi makiyi amasiyira ine.

A Mbewe: Ndiye udindo uli nawo kale, chikusowa ndi pepala lochitira umboni. Amene amawerenga mafomuwa amafuna kudziwa kuti ndi anthu angati amamva za iwe, ndi katundu kapena ndalama zochuluka bwanji zimadutsa m'manja mwako, komanso zinthu zikasokonekera amagamula ndani. Munthu wa mu ofesi amene amangolowetsa manambala amene wapatsidwa sakhala ndi zambiri zonena pa intavyu. Iwe galimoto ikachedwa umasankha oda yoyamba kutuluka, ndipo wotsalirayo umamufotokozera wekha. Nkhani zotere ndi zimene amafuna m'kalasi, chifukwa kumeneko theka la phunziro ndi kukambirana zimene aliyense anakumana nazo kuntchito.

Sukulu zovomerezedwa ndi AMBA, bungwe loona ubwino wa maphunziro a MBA, zimafuna zaka zosachepera 3 za ntchito yoyenera, ndipo kawirikawiri amayamba kuwerenga pamene unamaliza digiri. Upite kwa bwana wako umupemphe kalata pa pepala la kampani. Pakhale mwezi ndi chaka chimene unayamba kugawa shifiti, chiwerengero cha anthu, ndi ntchito zenizeni zimene watiuzazi. Akalola, asinthenso dzina la udindo pa payslip likhale team leader, ngakhale malipiro asakwere lero.

Nachisale: Zimene akunena a Mbewe n'zoona ngakhale kuno ku UK. Ambiri tili mu care, ntchito yosamalira okalamba ndi odwala, ndipo zimandiwawa ndikamva alongo anga akudziderera kuti ntchito yathu n'kusambitsa okalamba basi. Senior carer amakonza rota, amaphunzitsa obwera kumene, amasunga mabuku a mankhwala, amakhazika mtima pansi achibale a wodwala akabwera atakwiya. A CQC, bungwe loyang'anira malo osamalira anthu, akabwera kudzayendera, mabuku amene amatsegulawo ndi amene iye wakhala akulemba. Anthu awiri akaimba foni madzulo kuti sabwera, ndi iye amaona kuti chipinda cha m'mwamba chikhale ndi angati, cha pansi ndi angati, mpaka kuche. Mu CV muzilemba zimenezo, osangoti "ndimasamalira odwala".

Amene ali mu care ndipo akufuna njira imeneyi afunse kuntchito kwawo za Level 5 Diploma in Leadership and Management for Adult Care. Imathandiza kukwera kukhala deputy manager, ndipo ukafika pamenepo umayamba kuona bajeti. Open University ili ndi MBA yophunzira uli pantchito, nayonso imafuna zaka 3 za ntchito ya udindo.

Yamikani: Nanga ife odzilemba tokha ntchito? Ine ndimaika matailosi ku Pretoria, ndili ndi anyamata anga ochepa. Bwana woti andilembere kalata ndilibe.

A Mbewe: A Yamikani, inu ndiye muli ndi zokamba zambiri kuposa tonse. Mumapereka kotesheni, mumagula zipangizo, mumalipira anthu, ndipo kasitomala akachedwa kulipira mumadziwa nokha mmene Lachisanu limawawira anyamata akudikira. Vuto ndi loti bizinesi ya ndalama za m'thumba sioneka. Ngati mapepala anu akulolani, lembetsani kampani ku CIPC, ofesi ya boma yolembetsa makampani ku South Africa, tsegulani akaunti ya bizinesi yosiyana ndi yanu, ndipo ntchito iliyonse izikhala ndi invoisi. Kalata angalembe kasitomala amene mwamugwirira kangapo, kapena kontrakitala wamkulu amene amakupatsani ntchito. Asakhale m'bale wanu kapena abusa, ngakhale amakudziwani bwino chotani.

Mai a Tadala: Pepani ndilowerereko kuchokera ku Dubai. Tisamupatse mwanayu chiyembekezo chopitirira. Sukulu zimasiyana. Ku sukulu zotchuka za bizinesi ngati INSEAD kapena London Business School mumapikisana ndi anthu ochokera m'mabanki ndi m'makampani olangiza mabizinesi, ambiri ali ndi zaka pafupifupi 5 pantchito ndipo akhala akukwezedwa. Sindikuti wa mu warehouse sangalowe, koma amayang'anitsitsa ngati ukukwera. Munthu amene wakhala pa mpando umodzi zaka zambiri, wopanda chosintha, amaoneka wofooka kuposa amene anayamba ndi kupakira, kenako kuwerenga katundu, kenako kugawa shifiti. Komanso kudumphadumpha miyezi ingapo apa, miyezi ingapo apo, ngati mmene ambiri timachitira tikangofika kunja, kumafuna kufotokoza bwino.

Chikondi: Mayi, zimenezo zikundikhudza. Ndisanakhazikike pano ndinagwira maganyu m'malo angapo.

Mai a Tadala: Musabise, komanso musatalikitse. Mzere umodzi wokwanira: zaka zakutizakuti ndinkagwira ntchito zosakhalitsa nditangosamuka dziko. Malo ambiri mu CV apite ku ntchito imene muli nayo panoyi. Ndipo musalembe ntchito imene simungaichitire umboni. Sukulu zina zimatsimikiza ndithu, zimalembera kampani.

Chinanso, nonse amene muli pa makontrakiti: musachoke pantchito opanda kalata. Ine kumene ndinkagwira poyamba, manijala amene ankandidziwa anabwerera kwawo, olowa m'malo mwake anati sakundidziwa ndipo anangondipatsa kapepala ka masiku oyamba ndi omaliza. Ntchito yonse yoyang'anira anthu imene ndinagwira kumeneko sioneka paliponse. Pemphani kalata mudakali pabwino ndi bwana, mutengenso imelo yake yaiye mwini.

A Mbewe: Mwalasa mayi. Ndipo kwa Chikondi, sindikumutumiza ku INSEAD. Pomwe aliripo pali Wits Business School ku Parktown, pali GIBS ya University of Pretoria ku Illovo, pali SBL ya Unisa ku Midrand. Kuno ku Cape Town kuli GSB ya UCT, ndipo ya Stellenbosch ili ku Bellville. Zambiri zili ndi maphunziro oti munthu azichita asanasiye ntchito, ndipo m'makalasi amenewo mumakhala anthu a m'mafakitale, m'migodi, m'zipatala ndi m'masitolo akuluakulu.

Koma ntchito yokha sikwanira, pali nkhani ya NQF, dongosolo loika mapepala a maphunziro m'ma level. MBA ku South Africa ili pa level 9, ndipo kuyambira 2016 polowa amafuna pepala la level 8, monga honours kapena postgraduate diploma. Digiri ya kunja iyenera kupita ku SAQA, bungwe loyeza mapepala a maphunziro, kuti anene kuti ikugwera pa level iti. Akaiika pa 7, usataye mtima. Ine ndinadzera pa postgraduate diploma (PGDip) ya za bizinesi, ndipo zimene ndinaphunzira za akaunti ndi kayendetsedwe ka katundu ndinkazigwiritsa ntchito sabata yomweyo. Chaka chimenecho chimawonjezeranso pa zaka zako za udindo, chifukwa umaphunzira uli pantchito.

Yamikani: Ine digiri ndilibe a Mbewe. Ndiye khomo latsekeka?

A Mbewe: Pali njira ya RPL, imene amayeza zimene munthu waphunzira pogwira ntchito. Koma malo ake ndi ochepa, sapitirira 10 peresenti ya kalasi, ndipo amafuna zaka zambiri ndi umboni wochuluka: makontrakiti, masitetimenti a banki, makalata, ngakhale zithunzi za ntchito. Kwa inu ndikuona kuti chanzeru n'kuyamba ndi satifiketi kapena dipuloma ya kayendetsedwe ka bizinesi, n'kumakwera pang'onopang'ono, uku mabuku a kampani akukhala m'malo.

Nachisale: Kuno ntchito ya SAQA imagwiridwa ndi UK ENIC, amene kale ankatchedwa UK NARIC. Amapereka pepala lotchedwa Statement of Comparability. Ndipo P60, pepala la malipiro ndi msonkho limene mumalandira chaka cha msonkho chikatha, musamataye, pamodzi ndi ma payslip. Ine ndimazijambula zonse n'kuzisunga mu imelo.

Achimwene Chikondi, chinthu china chimene chimathandiza polemba nkhani ya pa fomu: gulani kabuku. Tsiku limene mwasintha chinachake pantchito, lembani mmene zinalili, chimene munachita, ndi chimene chinatsatira. Mwina munasintha malo oika katundu wotuluka msanga kuti akhale pafupi ndi khomo, ndiye galimoto zinayamba kunyamuka nthawi yabwino. Lembani nthawi yeniyeni, ya kale ndi ya tsopano. Pakatha chaka simungakumbukire, ndipo manambala ongoganizira amagwidwa pa intavyu akangofunsa kuti munawerengera bwanji. Amakondanso kufunsa za nthawi imene munasemphana ndi munthu amene mumamuyang'anira. Ife amene timayang'anira anthu a mitundu ndi zilankhulo zosiyana, ena achikulire kutiposa, ena osafuna kulamulidwa ndi mlendo, tili ndi mayankho enieni pa funso limenelo.

Chikondi: Zikomo achemwali. Nanga mayeso aja a GMAT, olowera ku sukulu za bizinesi?

A Mbewe: Zimatengera sukulu. Zingapo za ku South Africa zimalandiranso mayeso ena otchedwa NMAT, zina zili ndi mayeso awoawo. GMAT yatsopano ili ndi zigawo zitatu, masamu, kumvetsa zowerenga ndi kusanthula deta, chilichonse mphindi 45, ndipo malikisi amayambira 205 kufika 805. Ona kaye chimene sukulu yako ikufuna usanalipire mayeso alionse. Pakadali pano pempha kuti uzithandiza nawo lipoti la kumapeto kwa mwezi, uphunzire Excel bwinobwino. Zidzakuthandiza pa mayeso ndi pa CV pomwe.

Chikondi: Kalata ija ndipemphe kwa mwini kampani kapena kwa manijala wa warehouse? Mwini kampani sitionana kawirikawiri.

Mai a Tadala: Kwa manijala, amene amakuonani tsiku ndi tsiku. Sukulu zambiri zimatumiza mafunso ku imelo ya wochitira umboniyo ndipo amayankha yekha inu osaona. Mumuuziretu, mumupatse CV yanu, ndipo pa fomu mulembe imelo yake ya kampani.

Yamikani: A Mbewe, madzulo ano ndikutumizirani kumbali invoisi imene ndimagwiritsa ntchito, muione ngati ikukwanira.

A Mbewe: Tumizani. Muonetsetse kuti pali nambala ya invoisi, tsiku, dzina la kasitomala, ntchito imene mwagwira ndi akaunti yolipirira.