Yankho langa la Chemistry likusiyana ndi la m'buku, ndikulakwitsa pati?

Chifundo_07:
Anzanga ndithandizeni. Funso la homuweki likuti asungunula magalamu 4 a sodium hydroxide, NaOH, m'madzi mpaka zonse zakwana 250 cm³, ndiye tipeze concentration mu mol/dm³. Molar mass, kulemera kwa mole imodzi m'magalamu, ndapeza 40, poti Na ndi 23, O ndi 16, H ndi 1. Ndagawa 4 ndi 40, ndapeza mamole 0.1. Kenako ndagawa 0.1 ndi 250, kalikuleta yandipatsa 0.0004. Koma kumapeto kwa buku alemba 0.4! Ndabwereza kanayi, pepala mpaka labooka ndi kufufuta. Tikupereka mawa m'mawa, ndipo sindikufuna kungokopera 0.4 osadziwa komwe yachokera.

MphunzitsiWaSayansi:
Mwana wanga, mpaka pa 0.1 wayenda bwinobwino. Waterereka pa 250. Funso likufuna dm³, ndipo dm³ imodzi ndi 1000 cm³, yomwe ndi lita imodzi. Choncho 250 cm³ ndi 0.25 dm³. Gawa 0.1 ndi 0.25, upeza 0.4.

Tasiya kalikuleta kaye. Ngati m'kota ya lita muli mamole 0.1, m'lita yathunthu mungakhale angati? Makota anayi, ndiye 0.4. Ndipotu 0.0004 yakoyo si yabodza, kungoti ili mu mol/cm³. Ukanalemba mayunitsi pambali pa nambala iliyonse, ukanaziona wekha usanafike kumapeto. Ana ambiri amaona ngati kulemba mayunitsi n'kutaya nthawi, ndipo zimandiwawa ndikamachonga, chifukwa mfundo amakhala aimvetsa koma malikisi amapita.

Tadala_M:
Aphunzitsi anena zoona. Ine zinandigwira mu Physics. Galimoto ikuthamanga 72 km/h, yaima m'masekondi 5, pezani deceleration. Ndinagawa 72 ndi 5 n'kulemba 14.4 m/s², mtima uli m'malo. Chikhalirecho 72 km/h ndi mamita 72,000 m'masekondi 3,600, kutanthauza 20 m/s. Ukagawa 20 ndi 5 yankho ndi 4 m/s² basi. Panopa ndikaona km/h ndimayamba ndagawa ndi 3.6 ndisanakhudze fomula iliyonse.

Usadzione wopepera, Chifundo. Mu 1999 NASA, bungwe la ku America lofufuza zam'mlengalenga, inataya chombo cha Mars Climate Orbiter chifukwa gulu lina linkawerengera mphamvu m'mapaundi pomwe lina linkayembekezera manyutoni.

Chifundo_07:
Zikomo kwambiri aphunzitsi, zikomo Tadala. Za kota ya lita zija ndiye zanditsegula mutu. Ndayesa funso lotsatira: pakufunika magalamu angati a NaOH kuti tipange 500 cm³ ya 0.2 mol/dm³? Ndasintha kukhala 0.5 dm³, ndachulukitsa ndi 0.2, mamole 0.1, kuchulukitsa ndi 40, magalamu 4. Koma ndi 4 yomwe ija ya funso loyamba. Zangochitika mwangozi kapena ndasokonezanso?

MphunzitsiWaSayansi:
Wakhoza. Madzi awirikiza kawiri, kuchoka pa 250 kufika pa 500, ndiye concentration yatsika ndi theka, kuchoka pa 0.4 kufika pa 0.2. NaOH yomwe ili mkatimo ndi yomweyo. Lemba g pambali pa 4 wakoyo usanatseke kope.